A ku Joni, pepala la dobadoba silipha kachilombo

Abale anga a ku Mzuzu amene muli ku Joni, mliri sumangokula wokha, umakwera nafe basi. Mu May 2020 anthu mazanamazana ochokera ku South Africa anathawa pa Kamuzu Stadium akudikira zotsatira za Covid-19, ndipo pofika July odwala anachuluka. Obwera ku Khirisimasi ya chaka chomwecho ananyamuka mtundu wa kachilomboka wotchedwa Beta utafala kale kumeneko. Pa 12 January 2021 nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi. Mtundu wina wotchedwa Delta unadzatipeza m'nyengo yozizira ya 2021, aliyense atadzitsekera m'nyumba.

Pasipoti ndi tikiti mukudziwa kale. Koma adobadoba! Nthawi ya Covid-19, pamene pachipata ankafuna satifiketi yosonyeza kuti ulibe kachilomboka, munthu ankakutsatira pamalo okwerera basi, mafoni awiri m'manja, amvekere "achimwene, musavutike ndi chipatala, satifiketi ndikupatsani madzulo." Mphuno sanakugwire, thonje sunalione, koma pepala labwera ndi chidindo chake. Ukafika pa Beitbridge alikana pepalalo, nambala ya dobadoba uja siyikugwiranso, basi yakusiya ndi katundu yense, ndipo kuyezetsa ulipiranso kachiwiri. Ndipo likadutsa ndiye zoipa kwambiri, chifukwa wodwala amene wagula pepalalo amakhala nanu masiku awiri kapena atatu, mazenera otseka, mpaka pa Mwanza. Dobadoba wotere si wokuthandizani, musamupatse ngakhale randi imodzi.

Ngakhale pepala lenileni lisakupusitseni. Kuyezetsa kachilomboka kotchedwa PCR kunkafunika pasanathe maola 72 ulendo usanayambe, pomwe kachilomboka kamabisala masiku 2 mpaka 14, kawirikawiri asanu. Mukakatengera m'basi pa Harare, pa Mwanza mudutsa muli gwa, kutentha thupi kulibe. Mudzayamba kupatsira ena tsiku limodzi kapena awiri chifuwa chisanayambe, nthawi yomwe mukugawa mabulangete ku Chibavi ndi ku Zolozolo.

Choncho mliri wotere ukabukanso, valani masiki m'basi monse ndipo tsegulani zenera, ena anyinyirike. Mukafika gonani chipinda chanokha sabata yoyamba. Alendo alandireni pakhonde, osati pabalaza, kaya Mzuzu azizire bwanji. Agogo ndi odwala shuga kapena BP mukawaone sabata ikatha. Kumaliro khalani panja, musagone m'nyumba ya siwa. Mukayamba kubanika, thamangirani ku Mzuzu Central Hospital, musataye nthawi ndi mandimu ndi jinja.