Momwe mungakonzere nyumba yogulitsa ku Mzuzu kuti wogula asapeze potsitsira mtengo

Wogula nyumba ku Mzuzu akangolowa, maso amathamangira kusiling'i, kenako m'munsi mwa makoma. Akusaka chinyontho. Mvula ya kuno imakhalitsa, zaka zina mpaka Meyi, ndipo kuzizira kwa Juni ndi Julaye kumapeza makoma asanaumitse. Choncho penti idikire kaye.

Yambani ndi denga. Kwerani m'siling'i masana dzuwa likuswa mtengo: paliponse pomwe pakulowa kuwala, mvula nayo imalowa pomwepo. Nthawi zambiri ndi pamisomali yokhwefuka kapena pamwamba penipeni pokumanira malata. Mabolodi a siling'i ofufuma achotsedwe, chifukwa banga la madzi limabooleza penti pakangopita masabata ochepa. Gogodaninso mitengo ya denga ndi mafelemu a zitseko. Thabwa likamveka ngati ng'oma, chiswe chinamaliza kale za m'kati.

Pakhoma pakuda ndi nkhungu, sakanizani kapu imodzi ya Jik ndi makapu atatu a madzi, pakani ndi bulashi, dikirani mphindi 15 n'kutsuka. Mawindo akhale otsekula, ndipo Jik asasakanizidwe ndi mankhwala ena otsukira. Koma ngati pulasitala akufumbutuka m'munsi mwa khoma, vuto lili panja: mwina madzi a padenga akugwera m'mbali mwa maziko, mwina dothi lakwera n'kugunda khoma. Nyumba za m'malo otsetsereka ngati ku Masasa zimavutika kwambiri ndi zimenezi. Kumbani ngalande yopatutsa madzi, matani ming'alu ya khonde, ndiyeno muikenso pulasitala. Mum'patse masabata atatu kapena anayi kuti aume. Mukafulumira, penti imatukuka.

Penti ikhale yoyera kapena ya kirimu, ndipo pakani kawiri. Lita imodzi ya PVA imakwana masikweya mita 8 mpaka 10, kutanthauza kuti chipinda cha mamita atatu mbali zonse chimadya pafupifupi malita 7. Buluu wowala uja mumamukonda musungireni nyumba yanu yatsopano.

Katundu achepe. Matumba a chimanga, makala, njinga yakufa ndi mipando yongodzaza pabalaza zipite kwa achibale, kuti zipinda zioneke kukula kwake. Mababu onse ayake, mipopi isadonthe, ndipo ngati thanki ya chimbudzi yadzaza ipopedwe, poti fungo silibisika. Panja tchetchani udzu ndi kuthira miyala ya kwale kuchokera pageti mpaka pakhomo, wogula asalowe ndi matope.

Malonda ambiri amafera pamapepala. Ikani m'fayilo imodzi chikalata cha lizi, malisiti a lendi ya malo a ku ofesi ya Lands kapena ku Malawi Housing Corporation, malisiti a msonkho wa ku khonsolo ya mzinda wa Mzuzu, ndi bilu yomaliza ya Northern Region Water Board. Mita ya ESCOM isakhale ndi ngongole yakale. Fukulaninso mabikoni a m'malire kuti aoneke. Ngati ndi nyumba ya masiye, zikalata zokupatsani mphamvu yogulitsa zikhalepo musanayambe kutsatsa.

Zithunzi za pa Facebook ndi WhatsApp jambulani cha m'ma 9 koloko m'mawa nkhungu itayera, makatani atatsekulidwa, foni itagona chopingasa, inu mutaima pakona ya chipinda. Ngati mukudutsira kwa ajenti, mugwirizane polemba za gawo lawo asanabweretse munthu woyamba kudzaona nyumba.