Ulendo wosintha ndege ku Addis, Nairobi kapena ku Joni: mmene mungaukonzere

Kuchoka pa KIA kapena pa Chileka palibe ndege yopita ku London, ku Ulaya kapena ku America osatsika penapake. Ndiye kusintha ndege panjira sinkhani yofuna kapena kusafuna. Ambiri timadutsira Addis Ababa pa Ethiopian, Nairobi pa Kenya Airways, kapena Johannesburg pa Malawi Airlines ndi Airlink. Nkhani yaikulu yagona pa kagulidwe ka tikiti, zina zonsezi zimangotsatira.

Gulani ulendo wonse pa tikiti imodzi. Mudziwa kuti ndi imodzi ngati ndege zonse, yochoka ku Lilongwe ndi yokafikitsa komwe mukupita, zili pa nambala imodzi ya buking'i, ija ya zilembo ndi manambala 6. Zikakhala choncho, ndege yoyamba ikachedwa nkukuphonyetsani yachiwiri, udindo ndi wa kampani kukukwezani ina osalipiranso. Koma mukagula padera, iyi Lilongwe-Joni, inayo Joni-Dubai, poti mwaona kuti zikutchipirako, kampani yachiwiriyo sikudziwani nkomwe, mukachedwa amangolemba kuti simunabwere tikiti nkupsa, komanso katundu muyenera kukamutenga nokha, kudutsa pa imigireshoni, kukaimanso pa mzere nkumupereka kachiwiri. Masayiti ena otsatsa mitengo yotsika amalumikiza matikiti awiri mwanjira imeneyi osanena mokweza, ndiye werengani timawu tating'onoting'ono tija. Ngati mukugulira kwa ejenti mufunseni mwachindunji: kodi katundu wanga akafika yekha mpaka kumapeto? Akayamba kuzungulirazungulira poyankha dziwani kuti ndi awiri.

Nanga mpata pakati pa ndege ziwirizo ukhale wotani? Kompyuta ikhoza kukugulitsani wa ola limodzi chifukwa pa malamulo abwalolo nzololedwa, koma kwa ine maola awiri mpaka atatu ndiye abwino pa tikiti imodzi, makamaka ngati muli ndi ana kapena mukuperekeza agogo. Pa matikiti awiri musatsike pa maola 5, mwinanso kugona komweko nkwabwino. Ku Bole, bwalo la ndege la ku Addis, madzulo kumadzadza zedi poti ndege za mu Africa muno zimatera pafupifupi nthawi imodzi ndipo zambiri za ku Ulaya zimanyamuka chapakati pausiku, ndiye mzere wa pa sekyuriti umatha kudya nthawi yanu yonse muli chiimire.

Nthawi yolembedwa pa tikiti ndi ya komwe ndegeyo ikunyamukira kapena kutera, osati ya kuno. Addis ndi Nairobi ali patsogolo pa ife ndi ola limodzi, Dubai ndi maola awiri, Joni ndiye tili chimodzimodzi. Foni ikapanda kusintha yokha mukhala mukumwa tiyi mukuganiza kuti nthawi ilipo pomwe geti akutseka, ndipo geti amatseka mphindi 15 kapena 20 isanakwane nthawi yonyamuka. Onetsetsaninso deti. Ndege ya 00:30 pa 12 ndi ya usiku wa pa 11 kulowa pa 12, apa pamasokoneza anthu ophunzira omwe, makamaka pouza wokakulandirani tsiku lofika.

Za viza ndiye musamamvere za mnzanu amene anayenda chaka chatha, pasipoti yake ndi mapepala ake sizofanana ndi zanu. Kudutsa ku Addis kapena Nairobi osatuluka m'bwalo sipafunika viza. Koma ku UK mwini pasipoti ya Malawi amafunika viza yodutsira ngakhale sakutuluka panja, pokhapokha ngati ali ndi zina zomwe amazivomereza monga viza ya America kapena Canada pa ulendo wopita kumeneko. Ku America kulibe zongodutsa, aliyense amadutsa pa imigireshoni, ndiye ulendo wopita dziko lina wodzera ku New York kapena Washington ukufuna viza ya America. Ku Ulaya msampha uli apa: mukatsika kawiri m'maiko a Schengen (gulu la maiko a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi), tinene Rome kenako Frankfurt, ndege yapakatiyo imatengedwa ngati ya m'dziko momwemo, ndiye mwalowa Schengen ndipo viza ikufunika ngakhale komwe mukupita ndi kwina. Mukasowa viza yofunikayo amakubwezani pa kauntala ku Lilongwe konkuno, simufika nkomwe ku Addis.

Kadi yachikasu ya yellow fever muiike m'pasipoti. Kenya ndi Ethiopia ali m'gulu la maiko a matendawa, ndipo South Africa amafuna kadiyi ngati mwakhala maola opitilira 12 pa bwalo la dziko lotero. Katemerayu kuyambira 2016 amawerengedwa wa moyo wonse, sikubayitsanso pakatha zaka 10 ngati kale.

Pa tsiku la ulendo, pomwe akumata kapepala pa chikwama chanu, kawerengeni. Pakhale zilembo za bwalo lomaliza, ngati ndi London Heathrow pakhale LHR, osati ADD yokha. Kachiphaso komwe amakumatirani kuseri kwa pasipoti kapena bodin'gi pasi musataye, chikwama chikasochera nambala imeneyo ndi yomwe amasakira, ndipo dandaulo mumalemberatu pa desiki ya katundu musanatuluke m'bwalo. Opita ku America dziwani kuti pa bwalo loyamba kufikira mumatenga katundu, kudutsa naye pa kasitomu nkumuperekanso, ngakhale tikiti ndi imodzi.

M'kachikwama kam'manja ikani mankhwala anu, tchaja, pawabanki (iyi saloleza kupita kunsi ndi katundu wamkulu), zovala zosinthira ndi juzi. Addis ili pamwamba kupitilira mamita 2,300, usiku kumazizira. Zamadzimadzi zisapitilire 100ml botolo lililonse chifukwa posintha ndege amakusechaninso, ndiye botolo la Nali kapena Malawi Gin lomwe mwatengera achibale lipite m'chikwama chachikulu, lokulungidwa bwino. Tengani timadola tating'ono kapena khadi yogwira kunja, kwacha kulibe amene angailandire.

Mukatera tsatirani zikwangwani za Transfer kapena Connecting Flights, osati kungotsatira gulu, ambiri mwa anthuwo afika kwawo ndipo akulowera ku imigireshoni. Pa sikilini sakani nambala ya ndege osati dzina la mzinda lokha, pitani kaye mukalione geti ndi maso kenako muzikasaka chakudya. Mageti amasintha, muziyang'anabe.

Ngati mpata ndi wautali funsani za hotela. Ethiopian imapereka malo ogona kwa odikira maola 8 mpaka 24 ku Addis pa tikiti imodzi ngati panalibe ndege ina yapafupi, koma tsimikizani pogula osati mutafika.

Mukaiphonya ndithu ndege yachiwiriyo musathamangire kugula tikiti ina pa foni. Pitani pa transfer desk akusinthireni, ndipo funsani komwe katundu wanu ali. Mukangodumpha gawo limodzi la ulendo mwa inu nokha osawauza, makampani ambiri amafufuta magawo onse otsala, ndi ulendo wobwerera kumudzi womwe.