Lekani kuuza ana kuti nzeru n'zobadwa nazo

Zotsatira za mayeso a teremu ino zitangotuluka, mawu aja ayambiranso m'makalasi ndi m'makomo: "Uyu ndiye wanzeru, uyo mutu wake sugwira masamu." Aphunzitsi ndi makolo, mpaka liti? Mukuganiza kuti wopwetekedwa ndi amene mwamunyoza yekhayo, koma amene mwamutamandayo mwamutcheranso msampha.

Mu 1998, ku America, akatswiri ofufuza za kaganizidwe ka anthu, Claudia Mueller ndi Carol Dweck, anapatsa ana a kalasi yachisanu mafunso osavuta. Atamaliza, ena anawayamikira kuti ndi anzeru, ena kuti alimbikira. Posankha ntchito yotsatira, ambiri mwa otchedwa anzeru aja anathamangira yophweka, kuopa kuti akalakwa mbiri yawo itha. Mafunso atalimba anagwa mphwayi msanga, ndipo pafupifupi 40 mwa 100 alionse ananama za malikisi awo.

Ndi zomwezi zimene tikuziona. Mwana wotere sakwezanso dzanja ngati sakutsimikiza yankho. Kope lodzaza inki yofiira amalikankhira pansi pa chikwama, homuweki amakopera kwa mnzake belu lisanalire. Uja munamutcha wouma mutu ndiye analeka kalekale. Alimbikirenji pa chinthu chimene inu nomwe mwanena kuti sichisintha?

Mlimi wina anandiuza mosatekeseka kuti mwana wake wamkazi asavutike ndi masamu, "mtundu wathu sitinabadwe nawo, ngakhale ine ankandikanika." Ndinamufunsa ngati munda ukakana chaka chimodzi amangousiya. Anaseka, nati ayi, amayamba wafufuza ngati vuto ndi mbewu, nthaka kapena kuchedwa kubzala. Koma za mwanayo anali atagamula kale, osatsegula n'kope lomwe.

Musathawirenso mbali inayo n'kumangokuwa kuti "limbikira!" Dweck mwiniwake anachenjeza mu 2015 kuti kuyamikira khama pomwe mwana sakupita patsogolo sikuthandiza. Kafukufuku wa mu 2019 wa ophunzira oposa 12,000 ku America anapezanso kuti kuwaphunzitsa kuti nzeru zimakula kunakweza malikisi pang'ono chabe, makamaka a ofooka m'kalasi. Kuphunzitsa bwino kukufunikabe.

Zochita ndiye mukuzidziwa. Pochonga, yang'anani njira imene mwana wadutsa, osati yankho lokha. Mulozereni mzere umene wasokonezera, ayeserenso ndi njira ina tsiku lomwelo, ndipo poyamikira tchulani chimene wachita bwino m'kopemo.