Mmene mungasonyezere mwana kapumidwe ka mapapo ndi botolo

Mwana amene akukonzekera mayeso a ZIMSEC, bungwe loyendetsa mayeso a sukulu ku Zimbabwe, akakufunsani chimene chimafufumitsa mapapo, musayambe ndi buku, chifukwa nkhaniyi imamveka bwino ikagwiridwa ndi manja. Pezani botolo lolimba la pulasitiki la malita 2, mabaluni awiri ndi selotepi, zomwe sizivuta kupeza ku msika wa Mbare Musika mu Harare.

Dulani botolo kumunsi ndipo mubowole kabowo m'mbali mwake. Lowetsani baluni imodzi pakamwa pa botolo kuti ilendewere mkati, mlomo wake mutaupindira kunja. Limenelo ndilo papo. Baluni inayo muidule, muikunge podulapo ngati chikopa cha ng'oma, kuti iimire mnofu wa diaphragm, umene uli kunsi kwa mapapo.

Tsopano samalani, pakuti apa ndi pamene pagona nkhani. Kankhirani chikopacho mkati, mumate kabowo kaja ndi selotepi musanachotse chala pachikopacho, kenako musiye. Muona baluni yam'kati itatsala yofufuma pang'ono ngakhale palibe amene waiuzira. M'chifuwa zili chomwecho: mapapo, chifukwa cha ulusi wake wotamuka ndi madzi onyowetsa timatumba ta mpweya, amafuna kukhwinyata nthawi zonse, pamene nthiti zimakokera kunja. Kukokanaku kumachititsa kuti mphamvu yokankha (pressure) yapakati pa zikopa ziwiri zokuta mapapo, zotchedwa pleura, ikhale pafupifupi -5 cmH2O (muyezo wa mphamvuyi; chizindikiro cha - chikutanthauza kuti ndi yocheperapo kusiyana ndi ya mpweya wakunja) munthu akamaliza kutulutsa mpweya. Chiwerengerochi chimayerekezedwa ndi mpweya wotizungulira, choncho chimagwira ntchito ngakhale kuno ku Harare, komwe tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500.

Kokerani chikopa pansi ndipo baluni ikula. Umu ndi mmene mphamvu ija imatsikira kufika cha m'ma -8, n'kulowetsa mpweya wokwana theka la lita. Mukasiya, baluni iphwa yokha, monganso munthu wopuma mwakachetechete satulutsa mpweya mokakamiza.

Ndikupemphani kuti mumuuze mwanayo pamene botolo likusiyana ndi thupi. Pakati pa papo ndi nthiti palibe mpweya, pali timadzi tochepa tomwe timagwirizitsa zikopa za pleura zija ngati magalasi awiri onyowa, amene amatsetsereka koma osalekana.

Pomaliza, mpatseni mwana kuti amatule yekha selotepi. Baluni ifota nthawi yomweyo. Zimaterenso m'thupi mpweya ukalowa pakati pa papo ndi nthiti. Madokotala amatcha vutoli pneumothorax, ndipo n'chifukwa chake munthu wolasidwa pachifuwa muyenera kuthamangira naye kuchipatala ngakhale bala likuoneka laling'ono.