Kasungunulidwe ka Thanzi ORS mwana akatsegula m'mimba

Konzani paketi imodzi ya Thanzi (ufa wa mchere ndi shuga wobwezeretsa madzi m'thupi), madzi owiritsa n'kuziziritsa, jagi yoyera ndi supuni.

1. Sambani m'manja ndi sopo.
2. Yezani madzi okwana lita imodzi. Botolo la 500ml lidzaze kawiri.
3. Thirani paketi yonse, takasani mpaka isungunuke. Ambiri amalakwitsa apa: amathira paketi yonse m'kapu imodzi yokha. Mchere ukachuluka chonchi umamuvulaza mwana. Shuga osawonjezera.
4. Mmwetseni pang'onopang'ono akangochita chimbudzi. Wosakwana zaka 2, kotala mpaka theka la kapu. Akasanza, dikirani mphindi 10 n'kupitiriza. Bere osamuletsa.
5. Otsala pakatha maola 24, tayani.

Mukaona magazi m'chimbudzi, maso olowa m'kati, kapena akukana kuyamwa, thamangirani naye kuchipatala.