Mmene ndinatsegulira galimoto yanga itapezeka

Galimoto yanga, Toyota Probox, inabedwa usiku pakhomo ku Dedza boma. Makiyi onse awiri anapita, chifukwa anali m'chikwama chomwe akubawo anatenga m'nyumba. Patatha masiku anayi apolisi anaipeza itasiyidwa kufupi ndi Lizulu, zitseko zonse zili zokhoma.

Ndinapita ndi blue book komanso chiphaso changa cha unzika, ndipo atatsimikiza kuti ndi yangadi anandilola kuigwira. Achimwene ankati tingoswa kagalasi kakumbuyo. Ndinakana, galimotoyo inali itazunzika kale mokwanira.

Ndinaitana mmisiri wa maloko. Analowetsa kathumba kopopera mpweya pakona yapamwamba ya chitseko cha dalaivala, n'kumapopa pang'onopang'ono mpaka panaoneka kampata kongolowa chala. Kenako anadutsitsa waya wautali, wokulungidwa tepi kuti usakande penti, n'kukola kotsegulira ka m'kati. Chitseko chitatseguka misozi inalengeza, chipewa cha mwana wanga chinali chikadali pampando.

Makiyi akale akadali ndi akubawo, choncho sindinafune kusulitsa ofanana nawo. Chiwongolero chinali chokhoma, ndiye tinaikweza pa lole mpaka kugalaja, komwe anasintha maloko a zitseko zonse pamodzi ndi polizira pomwe.