Inshuwalansi ya galimoto, onani izi mvula isanayambe

Abale anga a ku Chikwawa ndi Nsanje amene muli ndi galimoto, tatulutsani pepala la inshuwalansi lija muliwerenge bwinobwino. Ambirife timangodula third party kuti tidutse pa rodibuloko, koma imeneyo imalipira amene mwamugunda ndi katundu wake basi, yanuyo ikaphwanyika potsika mapiri a ku Thabwa mukonza ndi ndalama zanu.

Olo muli ndi comprehensive, imene imalipiranso galimoto yanuyo ikawonongeka, afunseni a kampani ya inshuwalansi ngati madzi osefukira alimo ndipo akuonetseni pomwe zalembedwa, kwathu kuno tinaona tokha zomwe namondwe Freddy anachita mu 2023. Komanso madzi akadutsa pamwamba pa msewu musalowemo dala, injini ikamwa madzi akhoza kukana kulipira.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi ma Sienta. Munthu wadula inshuwalansi ya private, yosati yonyamula anthu olipira, koma tsiku ndi tsiku akunyamula matola pakati pa Nchalo ndi Ngabu, ngozi ikachitika kampani ikhoza kunena kuti sitinagwirizane zimenezo, ndiye ovulala aja ali m'manja mwanu. Auzeni chilungamo kuti imanyamula anthu, bola kuwonjezera ndalamazo.

Onaninso mtengo wa galimoto umene munalembetsa. Kwacha itagwa ndi 44% mu Novembala 2023 magalimoto anakwera, koma iwo salipira kuposa umene uli papepalapo.

Ngozi ikachitika jambulani ndi foni, katengeni lipoti kupolisi, imbirani kampani tsiku lomwelo, ndipo musaipititse kwa makaniko iwo asanaione.